Mchere wa M'kapepala

Lolemba, 7 Meyi 1979

Andigoneka lero. Adokotala ati ndi chifuwa chachikulu, makhololo anapita sabata yatha aja apezeka ndi tizilombo. Jakisoni tsiku lililonse kwa miyezi iwiri, mapiritsi m'mawa ndisanadye, ndipo mapiritsiwo ndidzapitiriza kunyumba. Andipatsa bedi la pazenera, bulangete limodzi ndi chikho cholavuliramo cha chivindikiro.

Kope ili ndi lotsala ku dibi ya ku Mikolongwe, kumene ndimalemba ng'ombe zobwera kudzasamba mankhwala. Dzanja likakhala chabe mtima umayenda kwambiri, ndiye ndizilemba.

Nester, mkazi wanga, wandiperekeza n'kubwerera ku Likoswe. Chimanga sichinathe kukolola. Ndamuuza kuti azibwera Lachitatu ndi Lamulungu. Wati ndi kutali. Ndati mkazi wa munthu azioneka.

Lachinayi, 10 Meyi

Thako lakumanzere latupa. A Sisita ati tizisinthasintha mbali. Thukuta usiku, m'mawa phala lopanda shuga.

Bedi la kumanja kwanga kuli che Halidi, telala wa ku Nchema, Msilamu. Waonda ngati mpini koma pakamwa sipatopa. Atandiona ndikulemba anati, “A kalaliki, mukutiwerenga ngati ng'ombe? Ineyo mulembe kuti nkhunzi.” Wadi yonse kuseka mpaka kutsokomola. Basi dzina langa la Alufeyo latha, ndine a kalaliki.

Masana, ife otha kuyenda timakaothera dzuwa pakhonde. Che Halidi amatisimbira nkhani yopeka okha, pang'onopang'ono, tsiku lililonse kachigamba. Ndi ya amuna awiri, Jeremiah ndi Mathero, okonda mkazi mmodzi dzina lake Ruth. Ndawafunsa kuti anthuwa kwawo n'kuti. Ati, “M'mutu mwangamu. Lendi salipira.”

Loweruka, 12 Meyi

Pasikelo ndatsika pang'ono. Ati poyamba zimatero.

Ndilembe anthu awiriwa bwinobwino, popeza wadi yagawikana chifukwa cha iwo.

Jeremiah ndiye mwamuna wake wa Ruth. Ndi mlimi. Anazinga nyumba ndi mpanda wa nkhadze. M'mawa asanapite kumunda amasesa yekha pabwalo, kuti pobwera aone mapazi a amene anafika. Mawu ake ndi akuti: chimene ndinkafuna ndinachipeza, chatsala n'kuchisunga. Ukamfunsa kuti ndiwe yani, amakulozera munda wake ndi manda a makolo ake.

Mathero alibe munda. Ku Limbe amamudziwa ndi dzina lina, ku Luchenza ndi lina, ndipo amati dzina ndi malaya, likathina vula. Akuti chinthu chimakoma uli kuchiyendera, ukachigwira chimayamba kuuma. Salowa mumpanda. Amangoima kunja Ruth akuyanika ufa, n'kumamuuza za nyumba imene adzamange, ya zenera loyang'ana kunjanji, pamene alibe ngakhale njerwa imodzi.

Achinyamata onse ali kwa Mathero. Ine ndati Mathero ndi wakuba wochita ulesi kulumpha mpanda. Munthu ndi Jeremiah.

Lamulungu, 13 Meyi

Nester wabwera ndi nkhwani wotendera ndi mbatata. Mchere wake womwe uja, wongokwanira. Zaka makumi awiri ndi kanthu ndikudya dzanja limeneli, ndingalizindikire ndi m'mdima momwe.

Anakhala nafe pakhonde kumvera nkhani. Mathero atauza Ruth kuti m'nyumba yakeyo mvula izidzayamba yaodira, Nester anaseka mpaka kugwira pakamwa ndi nsalu. Kuseka kumeneko sindinakumve kuyambira pamene mwana wathu Enelesi anakwatiwa n'kupita ku Limbe. Ine sindinamuseketsepo choncho.

Ndaonanso kuti nkhope yake yasalala, masaya adzaza. Mwamuna ali m'chipatala, mkazi n'kumanenepa?

Lachitatu, 16 Meyi

Ndinali pazenera. Nester wafika atakwezedwa pakaliyala ya njinga ya Goliati, mtchona uja anabwera chaka chatha kuchokera ku Joni ndi wailesi ndi chipewa cha nthenga. Iyenso akuti kumigodi ankatchedwa dzina lina.

Ndamufunsa. Wati, “Abambo ake Enelesi, munthuyo amapita kumsika. Msana ukundivuta masiku ano, ndikanatani?”

Ndati, “Unabadwa ndi njinga? Uziyenda pansi.”

Anatsegula mbale. Nandolo. Sindinamve kukoma.

Lamulungu, 20 Meyi

Wabwera wapansi. Anafika dzuwa lili pamutu, n'kukhala kaye pasitepe nthawi yaitali asanalowe.

Che Halidi lero anamufunsa pamaso pa anthu, “Mayi, inu ndinu mkazi, tiweruzeni. Ruth atani?”

Nester anayamba wakana. Atamukakamiza anati, “Ine sindidziwa. Koma Jeremiah akabwera amafunsa kuti unali kuti. Mathero amafunsa kuti walota chiyani. Mafunso amenewa sali ofanana.”

Achinyamata anaomba m'manja. Ine ndinalowa m'wadi, ndinati kunja kwazizira.

Lachitatu, 23 Meyi

Sanabwere.

Lamulungu, 27 Meyi

Sanabwerenso. Palibe uthenga. M'makutu mwayamba kulira ngati nkhululu, a Sisita ati ndi jakisoni, ndinene zikakula. Ndakhala pazenera kufikira belu la odzaona odwala litalira kachiwiri.

Lachitatu, 30 Meyi

Wabwera. Masaya aja aphwa, milomo yauma, akuyenda ngati wanyamula mtsuko wodzaza. Wati anadwala malungo.

Watsegula mbale, chigwada. Kenako wamasula pansonga ya nsalu n'kutulutsa kapepala kopindapinda, wakaika pambali pa mbale.

“Muthire nokha.”

Mchere.

Izi aliyense amazidziwa. Mkazi akakhala kumwezi sathira mchere m'ndiwo, amatuma wina. Komanso mkazi amene wagona ndi mwamuna wina, akathira mchere ndi dzanja lake, mwamuna wa m'nyumba amagwidwa tsempho: kutsokomola, kuonda, kutupa mapazi, mapeto ake manda. Ndiye wochimwa amene ali ndi mantha amaleka kuthira.

Ndadziuza kuti ndi mwezi. Ndathira, ndadya.

Lachisanu, 1 Juni

Chiperoni chagwa, phiri la Chiradzulu silikuoneka. Nkhani yasimbidwira m'wadi, aliyense m'bulangete lake.

Lero zamuvuta Mathero. Ruth wadwala, mutu waukulu. Mathero kulibe, ali ku Luchenza ndi dzina lina, akuuza mkazi winanso za nyumba yomwe ija. Amene wabereka Ruth kumsana kuoloka naye mtsinje wodzaza ndi Jeremiah. Ndati kwa achinyamata, “Mwaona?” Ndakondwa tsiku lonse ngati ndanyamula ndine.

Koma atafika naye kuchipatala, akuti Jeremiah anafunsa adokotala ngati Ruth anatchula dzina la munthu pamene ankabwebweta. Che Halidi amaononga dala.

Lachitatu, 6 Juni

Kapepala Lamulungu, kapepala lero. Sabata yakwana. Masiku ake ndimawadziwa, sapitirira anayi.

Sindinadye. Ndamuuza kuti mtima ukuchita nseru. Mbale ndapereka kwa mkulu wina wa bedi la kukhomo amene sayenderedwa.

Nester akachoka pano sapita kumudzi nthawi yomweyo. Amakakhala kaye kukhitchini ya odikirira odwala ndi Saida, mkazi wa che Halidi. Ndawaona pazenera, mitu pamodzi, Saida akumusisita pamsana. Amakambirana chiyani Mlomwe ndi Myao amene adziwana dzulodzuloli?

Lachisanu, 8 Juni

Pasikelo ndatsikanso. Adokotala sanakondwe, afunsa ngati ndikumezadi mapiritsi. Ndikumeza, a Sisita amaimirira pomwepo.

Ndafunsa a Sisita mwakachetechete ngati tsempho limaoneka pamakina awo. Ati, “Bambo, inu muli ndi tizilombo, tinatiwona ndi maso. Idyani chakudya.” Koma chifuwa ichi chinayamba m'Disembala, ndipo Goliati anabwera m'Novembala. Ndafinya mapazi kuona ngati atupa. Lamanzere likukayikitsa.

Lamulungu, 10 Juni

Kapepala.

Nkhani ya lero ndiilemba ngakhale yandinyansa. Jeremiah wabwera kumunda, wapeza mapazi a mwamuna pabwalo losesa lija. Watenga nkhwangwa n'kuwatsata. Mapazi atuluka mumpanda, azungulira nkhokwe, apita kuseri kwa bafa, aima pansi pa zenera la kuchipinda nthawi yaitali, abwerera. Iye pambuyo, thukuta kamukamu. Mpaka amufikitsa pamene anaika phazi lake m'phazi la wakubayo, n'kupeza lakwana ndendende, ndi chala chake chopindika chomwe. Anali ake. Anaiwala kuti m'mawa atasesa anabwerera kudzasuzumira.

Wadi yonse inagwa ndi phwete. Nester sanaseke. Anayang'ana pansi.

Alendo atapita ndinati, “Che Halidi, nkhani yanu ikunena ine.”

Anati, “Iii a kalaliki, ine ndimasoka malaya n'kupachika. Wina akavala n'kumukwana, mlandu ndi wa telala?”

Ndati Mathero ndi wabodza, amakhala m'zinthu zimene kulibe.

Ati, “Onse awiri ndi opeka, achimwene. Mathero amapeka nyumba, Jeremiah amapeka akuba. Kusiyana kwake n'kwakuti wina amagona tulo.”

Anatsokomola nthawi yaitali, kenako anati, “Za kapepala zija ndaziona. Kwathunso ziliko, timati ndaka. Koma zifukwa zoleka mchere si ziwiri zokha. Funsani bwino.”

Ndati za m'nyumba mwanga azisiye. Ndiye kuti Saida wamuuza kanthu. Anthu onse akudziwa, wotsala ndine.

Lachiwiri, 12 Juni

Ndatuma mawu kudzera kwa munthu wa kwathu amene watuluka lero, kuti a Mateyo, achimwene ake a Nester, omwe ndi ankhoswe athu, abwere Lamulungu. Ndine mkamwini, nyumba ili pamudzi pawo, munda ndi wa kwawo. Ukwati ukatha ndichoka ndi khasu, njinga yakufa ndi bulangete. Ndikudziwa. Koma sindingadye chakudya chimene wophikayo akuopa kuchigwira.

Sindigona. Ndikatseka maso ndikuona chipewa cha nthenga chitapachikidwa pamsomali wanga. Ndikuona ndi mtundu wa nthengayo.

Lachinayi, 14 Juni

Che Halidi alavula magazi m'mawa. Nkhani kulibe. Saida wakhala pambali pawo tsiku lonse akuwawerengera mapemphero motsitsa mawu. Iwo atapezako mpweya amufunsa ngati wadya. Ndatembenukira kukhoma.

Lamulungu, 17 Juni

Ndilemba zonse monga zinachitikira.

Tinakhala kuseri kwa wadi, pansi pa mtengo wa bulugama: a Mateyo, Nester ndi ine. Ndinayala nkhani yanga mwadongosolo. Njinga. Masiku amene sanabwere. Kapepala, sabata zitatu. Ndinatchula dzina la Goliati.

A Mateyo anavula chipewa n'kuchiika pabondo. Anati, “Alamu, mwatsimikiza kuti mukufuna ayankhe?”

Ndinati ayankhe.

Nester sanalire. Analankhula akuyang'ana manja ake.

“Ndinali ndi pakati, abambo ake Enelesi. Miyezi inayi. Sindinakuuzeni chifukwa mimba zinayi zija zinachoka titakondwera kale, ndiye ndinati ino ndidikire ikhwime. Ndinkati ndadutsa msinkhu, Mulungu wandikumbukira mochedwa. Lachitatu lija sindinabwere, ndinanyamuka ndithu. Ndinafika pamlatho, magazi anayamba. Anandipeza ndi amayi ochokera kuchigayo. Ndinapita padera.”

Nester anapitiriza.

“Mwanayo amayi akuluakulu anakamusunga okha kudambo, monga amachitira. Anati musauzidwe mpaka mutachira, mungafooke. Anatinso ndisagwire mchere mpaka mudzabwere kunyumba tidzakonze mwambo wake, kuopa mungagwidwe tsempho. Ndiye ndimakulunga m'kapepala.”

A Mateyo anati, “Mwamva, alamu.”

Ndinati, “Bwanji sunanene?”

Apa ndiye Nester anandiyang'ana. “Munafunsa? Tsiku lija ndinabwera ndikugwira makoma, munandifunsa kumene ndinali. Ndinakuuzani kuti msana ukundivuta, munati ndinabadwa ndi njinga.”

Anaimirira, anakung'untha nsalu. “Achimwene, tiyeni. Kuno sindibweranso. Miyendo yanga yakwana.”

Mbale anaisiya pansi pa mtengo. Kapepala kali pamwamba.

Lolemba, 18 Juni

Jakisoni. Mapiritsi.

Lachitatu, 20 Juni

Sindinapite pazenera. Ndinapita kamodzi.

Pamlatho paja ndimapadziwa. Pali chitunda chimene ngakhale ng'ombe zokoka ngolo zimaima. Panjinga akanangodutsa.

Lachisanu, 22 Juni

Che Halidi awatumiza ku chipatala chachikulu ku Blantyre. Powanyamula anandikodola. Mawu awo atsala pang'ono, ndinachita kuwerama.

Ndinati, “Munkadziwa.”

Ati, “Saida anandilumbiritsa. Ndiye ndinati ndisoke nkhani, mwina muvala. Inu munangoona kuti yakukwanani, osaona kuti ikuthinani.”

Mnzathu wina anafuula kuti, “Che Halidi, musapite nayo nkhani! Ruth anasankha ndani?”

Anaseka pang'ono. “A kalaliki amaliza, ali ndi kope. Koma a kalaliki, mumufunse Ruth mwini wake. Ine nkhani yonseyi sindinamufunseko.”

Bedi lawo alichotsa nsalu, matiresi ali padzuwa.

Lamulungu, 24 Juni

Palibe wabwera. Ndadya nyemba za chipatala.

Anzanga andiumiriza pakhonde kuti ndipitirize nkhani. Ndayesa. Ndati Jeremiah anadula nkhadze zonse. Ati ndiye mbuzi zilowa. Ndati Mathero anamanga nyumba ija. Ati ameneyo si Mathero. Ndalephera. Mutu wanga umadziwa kupeka chinthu chimodzi chokha.

Koma ndaganiza za awiriwa kwambiri. Ndinkati Jeremiah ndi wokhulupirika chifukwa amafuna mkazi mmodzi, Mathero ndi mphepo. Tsopano ndikuona kuti Mathero ankakonda Ruth wokhala m'nyumba imene kulibe, Jeremiah ankalonda Ruth wothawa ndi munthu amene kulibe. Uyo woyanika ufa, wa msana wopweteka, anali yekha pakati pawo. Mathero amasintha dzina kuti asagwidwe. Jeremiah amakakamira dzina limodzi ngati kuti dzinalo ndi loko. Komabe nsanje sinandichoke yonse, ndisaname. Ndikuchitira nsanje munthu wopeka, chifukwa iye anadziwa funso.

Lachisanu, 29 Juni

Makhololo atuluka opanda tizilombo. Pasikelo ndakwera. Adokotala ati jakisoni akatha sabata yamawa ndidzatuluka Lolemba lotsatira, mapiritsi ndizidzatenga mwezi ndi mwezi osadumphitsa. A Sisita afunsa amene adzanditenge. Ndati ndiona.

Ndidzapita kuti? Kwathu kwa amayi anga kunatsala mabwinja.

Lamulungu, 1 Julaye

Belu la alendo litalira ndinali chigonere, nkhope kukhoma. Ndinamva, “Odi, a Alufeyo.”

Goliati. Chipewa cha nthenga chili m'manja, nthengayo ndi yothothoka, si mtundu umene ndinkauona. Ndi munthu wa imvi kale, mano akutsogolo anatsala kumigodi. Anatula mbale yomangidwa m'nsalu imene ndikuidziwa.

“Andituma amake Enelesi. Ndimapita kumsika. Ati musandiyang'ane choncho, ine ndine njinga chabe.”

Ndiye kuti mudzi wonse unamva. Ndinati akhale. Ndinati zikomo. Liwu limeneli linandipweteka kuposa jakisoni, koma linatuluka.

“Atinso mukatuluka mubwere, koma musalowe ngati mwini. Mudzaime pabwalo mudzaodire. Akayankha ndi iwo.”

Ndinamasula nsalu. Nkhwani wotendera. Pambali pake kapepala, kopindidwa kanayi monga mwa masiku onse.

Ndinakayang'ana nthawi yaitali. Mkazi amene ndinamuchititsa manyazi pamaso pa mlongo wake, amene mwana wake ali kudambo, akanafuna akanangotapa mchere ndi zala zitatu n'kuwaza mumphika. Ndani akanadziwa? Ndikanadya, n'kuyamikira kuti dzanja lake labwerera. Sabata zonsezi ndinkaona kapepala ngati umboni wa mlandu, pamene iye ankatchinga moyo wanga. Ndi lero akutchingabe.

Goliati anafunsa ngati pali mawu obweza.

Ndinayamba kuti, “Mukawafunse ngati...” Ndinaima. Mafunso anga akale anali atafola kale pakamwa, ngati ng'ombe pa dibi.

Ndinati, “Ayi. Mukangoti mbale ndibweretsa ndekha. Funso lake ndidzafunsa ndili pabwalo.”

Ndikudziwa kuti mwanayo anali atamupatsa kale dzina mumtima, Nester sangalephere. Zaka zonsezi sindinamufunsepo za mimba zinayi zija. Ndidzayambira pamenepo, akadzayankha odi.

Goliati atapita ndinatsegula kapepala n'kuthira. Ndinachulutsa. Dzanja langa silidziwa muyeso. Ndadya zonse.